Timba Avala Chovala cha Kazembe

Mutu 7

1. Uthenga wa ku Holo

Chipinda chimene a Pumani ankaphunzitsiramo kuimba chinali pamwamba pa sitolo ya nsapato. Munali piyano yakale, galasi lalitali lodziyang'anirapo, mpando umodzi ndi jagi ya madzi. Mazenera ankakhala otseka chifukwa cha fumbi la mumsewu.

Dzina loti Pumani anawapatsa ndi ophunzira awo. Munthu akangotsegula pakamwa kuti aimbe, nkhalambayo inkakweza chala n'kunena kuti, "Pumani kaye! Nyimbo siithawa." Dzina lawo lenileni linaiwalika choncho.

Timba nayenso dzina lake linali lopatsidwa ndi anzake. Anali wochepa thupi, ndipo mawu ake anali opepuka, okwera mosavuta ngati a kambalame. Oimba aamuna amene mawu awo amakwera pamwamba amatchedwa matenala. Koma matenala sali ofanana. Alipo a mawu olemera, otha kupyola phokoso la malipenga ndi ng'oma. Alipo a mawu ofewa, oyenera nyimbo zachikondi ndi zachisoni. Timba anali wa gulu lachiwirili.

Anayamba kuphunzira kwa a Pumani atangomaliza sekondale. Tsopano ankagwira ntchito ku holo ya masewero oimba, kumene nkhani yonse imaimbidwa m'malo moyankhulidwa. Kumeneko ankapatsidwa timbali ting'onoting'ono. Kawirikawiri ankakhala mnyamata woimba pansi pa zenera la mtsikana, mavayolini ochepa akumuperekeza.

Tsiku limenelo anakwera masitepe akuthamanga, osagogoda n'komwe.

"Aphunzitsi, zatheka!"

"Tseka chitseko. Chatheka n'chiyani?"

"Bwana wa holo anandiitana. Tenala wamkulu uja wachoka, wapeza ntchito kunja. Akuti mbali ya Kazembe ndiimbe ine."

Sewero la Kazembe linali nkhani ya mkulu wa asilikali amene anabwera kuchokera kunkhondo n'kupeza mzinda wake utapsa. Woimba mbali imeneyo sachoka pa nsanja mpaka sewero litatha, ndipo zoimbira zonse za m'holo zimalira pansi pake.

A Pumani anatseka piyano pang'onopang'ono.

"Wawayankha chiyani?"

"Ndati ndiwayankha mawa. Komatu yankho likudziwika kale."

"Khala pansi," anatero a Pumani, akumupatsa mpando umodzi uja. Iwo anaimirira.

2. Chenjezo la a Pumani

"Tambasula dzanja lako. Yang'ana chikhadabo cha chala chaching'onocho. Timinofu tiwiri timene timatulutsa mawu m'kholingo mwakomo n'tating'ono ngati chimenecho. Ndi tomweto chuma chako chonse. Woimba vayolini chingwe chikamudukira amagula china. Wa lipenga likaphwanyika amabwereka la mnzake. Nanga iwe ukagula kuti? Ndi sitolo iti imene imagulitsa kholingo?

"Mbali ya Kazembe ndimaidziwa. Ndinaimba m'holo imeneyo mpaka imvi zinamera, koma mbali imeneyo sindinaikhudze, ngakhale anandipempha kangapo. Sanali mantha ayi. Inalembedwera munthu wa mawu ena. Noti zake zapamwamba uzifika, zimenezo sindikukana. Mwinanso uzifika mokoma kuposa amene wachokayo. Koma chimene chimapha woimba si kukwera. Ndi kukhala pakatikati, ukulimbana ndi malipenga, nyimbo ino, nyimbo inayo, osapumula. Ukadzaona kuti sukumveka, udzasiya kuimba ndi mpweya, udzayamba kukankha ndi khosi. Khosi likatopa udzakankha koposa. Timinofu tija tidzatupa. Tsiku lina kamtsempha kadzaphulika.

"Njinga imafika kumene lole imafika, mwana wanga. Koma uisenzetse katundu wa lole, uone ngati masipoko satuluka.

"Mawu a mwamuna amakhwima mochedwa. Ako akadali khanda. Ukawasamala udzaimba mpaka zidzukulu zako zidzakumvere. Bwana uja si munthu woipa. Ali ndi holo yofunika kudzaza, ndipo maso ake akuona mwezi uno wokha. Ine ndikuona zaka zako zonse. Ukawauze kuti zikomo kwambiri, koma ayi."

Timba anayang'ana pansi, kenaka anadzutsa mutu.

"Koma aphunzitsi, paja amati kanthu n'khama, phwiti anakwata njiwa."

"Anakwatadi. Koma palibe amene anatiuza kuti banjalo linatha bwanji."

"Ndikakana apatsa wina. Ine ndizingoimba pansi pa zenera mpaka liti?"

"Mpaka mawu ako atakuuza okha kuti akula."

"Ndiye kuti inuyo simundikhulupirira."

"Ndikanapanda kukukhulupirira ndikanakuuza kuti pita. Tsegula bukulo, tiyambe phunziro la lero."

Timba sanatsegule bukulo. Anatsanzika mwaulemu, n'kutsika masitepe mwakachetechete.

3. Yankho

Amayi ake a Timba anali telala. Makina awo osokera ankakhala pabalaza, pafupi ndi khomo, kuti aziona odutsa. Bambo ake anamwalira iye akadali ku pulayimale, ndipo makinawo ndi amene anamulera.

Atafika anapeza nkhani yamutsogolera. Mayi wina woimba nawo m'kwaya ya ku holo anali atadutsa kale pakhomopo.

"Fika, Kazembe wanga!" anatero amayi ake akuseka, mapini ali kukamwa. "Ndiye umafuna ndimve kwa anthu? Anthu a mumsewu uno ankati mwana wanga amangokuwa masana onse osagwira ntchito. Tsopano akagule matikiti akamuone."

"Sindinavomerebe, amayi."

"Nanga aphunzitsi ako akuti chiyani? Iwo ndi amene amadziwa zimenezi, ine ndimadziwa nsalu."

"Akuti ndi mbali yovuta. Yofunika kusamala."

Silinali bodza, koma sichinali choonadi chonse. Amayi ake anagwedeza mutu n'kupondanso makina.

M'mawa mwake Timba analowa mu ofesi ya bwana wa holo n'kuvomera. Bwanayo anadzuka pampando, namugwira mapewa ndi manja onse awiri.

"Wandipulumutsa, mnyamata wanga. Usiku wonse sindinagone. Dzina lako likhala pamwamba pa zikwangwani zonse."

Anamupatsa chovala cha Kazembe, jekete lalitali lofiira la mabatani agolide. Linasokedwera munthu wamkulu. Mikono yake inabisa zala za Timba, ndipo mapewa ake analendewera. Amayi ake analiphwasula n'kulisokanso mpaka linamukwana ngati anabadwa nalo. Koma nyimbo si nsalu. Panalibe telala wotha kuichepetsa.

Kwa a Pumani sanapitenso. Ankati akamaliza sewero adzapita kukapepesa, atanyamula nyuzipepala yomutamanda.

4. Mwambo wa Kusunga Mawu

Oimba a m'masewero otere ali ndi mwambo wawo pa nthawi yokonzekera. Saimba ndi mphamvu zonse. Amaimba chapansipansi, noti zapamwamba amangozikhudza kapena kuzitsitsa, kuti wotsogolera nyimbo angodziwa pamene afika. Amati kusunga mawu. Mlendo atalowa m'holo tsiku lotero angaganize kuti oimbawo ndi aulesi. Koma iwo amadziwa kuti mawu ali ngati madzi a m'chitsime: ukatunga mopitirira, pansi pamatuluka matope.

Timba anaphunzitsidwa mwambowu, ndipo tsiku loyamba anautsatira. Anaima pakati pa nsanja n'kumaimba chapansipansi. Oimba zoimbira anali m'dzenje lawo kutsogolo kwa nsanja. Pa nthawi yopuma, mmodzi wa oimba malipenga anayankhula mokweza akupukuta lipenga lake.

"Kodi anzanga, Kazembe wathu wafika? Ine ndikungoona kamwa likutseguka ngati la nsomba."

Dzenje lonse linaseka.

"Musiyeni mwana," anayankha a Mgolo. Awa anali woimba besi, munthu wamkulu thupi ndi mawu omwe, amene anakhala m'holomo zaka zambiri. "Timba sachepa ndi mazira ake. Inuyo konzani malipenga anuwo, mukulowa mochedwa ngati alendo a ukwati."

Anasekanso, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma kwa Timba siinathe. Atayambiranso, anadzaza chifuwa n'kutulutsa mawu onse. Anakwera pamwamba pa malipenga, mawu akuwala ngati galasi padzuwa.  Kenaka oimba mavayolini anayamba kugogoda timitengo tawo, mmene amachitira akakondwera. Wa lipenga uja anavula chipewa.

Kukoma kwa mphindi imeneyo ndi kumene kunamupweteka. Kuyambira pamenepo sanasungenso mawu. Wotsogolera nyimbo akati tibwereze, Timba ankabwereza ndi mphamvu zonse. Akati tibwerezenso, iye yemweyo. M'mawa ndi masana, tsiku ndi tsiku.

Sabata yotsatira a Mgolo anamukokera pakona, kuseri kwa makatani. Nthabwala zinali zitawathera.

"Mphwanga, ine si mphunzitsi wako, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Ukuganiza kuti akamati tibwereze amakhala akuyesa iwe? Akukonza a malipenga aja. Iwe ukanangoima n'kumawerenga zala, ntchito ikanayenda chimodzimodzi. Ukuwotcha nkhuni zako kuphikira mipando yopanda anthu. Mipando siiwomba m'manja, mphwanga. Wa lipenga uja anayankhula tsiku limodzi, anaiwala kalekale, panopa akuganiza za lendi. Iwe ukumuyankhabe mpaka lero. Ndakhala ndikukumvetsera. Dzana unatsokomola usanayambe nyimbo iliyonse. Dzulo pamene Kazembe amayankhula ndi mwana wake, pofunika kufewetsa mawu, iwe unakuwa. Sunakuwe chifukwa chofuna. Unakuwa chifukwa mawu ofewa akukana. Ndikunama?"

"Ndi kachimfine chabe, achimwene."

"Chimfine chosatuluka mamina? Pita kwa a Pumani lero lomwe."

"Ndipita," anatero Timba. Koma sanapite.

A Mgolo sananame. M'mawa uliwonse mawu ankachedwa kudzuka. Kukuwa ankatha, koma akati aimbe mofewa, pankatuluka mpweya wokha. Anayamba kuvala sikafu ngakhale kukutentha, ndi kumwa madzi ofunda a uchi. Amayi ake akafunsa, ankati oimba onse amatero.

5. Jakisoni

Sewero loyamba linali la masana. Timba anafika ku holo m'mawa n'kudzitsekera m'kachipinda kovalira. Jekete lofiira linali litapachikidwa pa msomali. Anaima pagalasi n'kuyesa mawu. Apansi anatuluka okhakhala ngati msasa. Anayesa kukwera. Mawu anasweka pakati ngati a mnyamata wongotha msinkhu.

Bwana wa holo ankadutsa panja, ndipo anamva. Analowa nkhope itagwa, natuma munthu kukaitana dokotala amene ankathandiza oimba a m'holomo. Dokotalayo anaunika kukhosi ndi katochi, napukusa mutu.

"Mwatupa. Choyenera n'kupumula sabata yathunthu, osaimba. Koma ulipo jakisoni wophwetsa zotupa. Ndikakubayani tsopano, pofika masana mawu abwerera. Sindikunena kuti mukhala mutachira. Kusankha n'kwanu."

Chitseko chinatsegukanso. Analowa a Mgolo, pambuyo pawo pali a Pumani akupuma mwawefuwefu. A Mgolo anali atakawatenga okha. Nkhalambayo sinapereke moni kwa wina aliyense. Inaima patsogolo pa Timba.

"Imba noti imodzi yokha. Mofewa, ngati ukugoneka mwana."

Timba anatsegula pakamwa. Panamveka kamphepo, ngati tayala likuphwa.

A Pumani anatseka maso kwa kanthawi.

"Mvera, mwana wanga. Sindinabwere kudzakukumbutsa zimene ndinanena. Zimenezo zapita. Ndabwera za lero. Kupweteka kumene ukumvako ndi mlonda. Akukuwa kuti m'nyumba mwalowa wakuba. Jakisoni uyu sathamangitsa wakuba, amangogoneka mlonda. Udzakwera pa nsanja ukumva ngati wachira, udzakankha mmene wakhala ukukankhira, ndipo sipadzakhala chokuuza kuti leka. Timitsempha tako tafooka kale. Ndaona oimba akubayidwa n'kupulumuka, sindikubisira. Koma anali anthu okhwima, oimba mbali zowayenera, odziwa pobwerera. Iwe ukupita kukasenza chimene chakutupitsacho.

"Bwana akhoza kuimitsa sewero. Anthu adandaula, ena atukwana, abwezeredwa matikiti awo. Pakatha mwezi adzaiwala. Manyazi amachira, mwana wanga. Ine ndaonapo manyazi ambiri akuchira. Chipsera cha pa kholingo sindinachionepo chikuchoka."

Bwana wa holo anapukuta thukuta pamphumi.

"Akuluakulu, ine sindikukakamiza munthu. Koma malo onse atha. Oimba zoimbira, osoka, okoka makatani, onsewa akudya pa sewero limeneli. Ndipo mayi ako, mnyamata wanga, ndawasungira mpando wakutsogolo. Afika kale, ali panja ndi anthu a mumsewu mwanu."

 Panja pankamveka mavayolini akuchunidwa. Timba anayang'ana aphunzitsi ake, anayang'ana jekete lija pa msomali. Kenaka anamasula batani la shati n'kupinda mkono.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja," anatero a Pumani motsitsa mawu. Koma sanachoke. Anapempha mpando, nakaukhazika kumbali kwa nsanja, kuseri kwa katani, pamene akanatha kumuona bwino.

6. Mzinda Wopsa

Dokotala sananame. Pofika masana mawu anabwerera, osalala ngati sanatupepo. Katani itatseguka, Timba analowa atavala jekete lofiira, asilikali ali pambuyo pake, ndipo nyimbo yoyamba inatuluka yowala. Anaona amayi ake kutsogolo atavala diresi lawo la kutchalitchi, manja atagwira pachifuwa.

Anaimba ngati munthu wosadziwa kutopa. Malipenga akakwera, iye ankakwera pamwamba pawo. Kumbali kuja a Pumani ankatsitsa dzanja pang'onopang'ono, kumuuza kuti achepetse. Timba anasiya kuyang'ana mbali imeneyo.

Kenaka inafika nyimbo yaikulu. Kazembe waima pa phulusa la mzinda wake, akuitana akufa mmodzimmodzi, ndipo pomaliza akuitana mwana wake. Zoimbira zonse zinadzuka pamodzi, ng'oma zikugunda mpaka matabwa a nsanja ananjenjemera. Timba anakwera pa noti yomaliza naigwira. Wotsogolera nyimbo anakweza kamtengo kuti adule, koma Timba sanasiye. Anaona anthu akuyamba kuimirira, ndipo anaigwirabe.

Pamenepo anamva kanthu kukhosi. Sikanapweteke. Kanali ngati ulusi ukamaduka pa makina a amayi ake, kaphokoso kakang'ono, kenaka kufunda.

Mbali yotsala ya sewero inali ya maliro, yapansi. Mawu ake anatuluka ngati muli mchenga. Anthu anaganiza kuti ndi luso, kuti akusonyeza munthu wosweka mtima, ndipo amayi ena analira. Katani itatsekedwa, holo yonse inaimirira. Anamuitana kuti abwerenso, nabweranso. Wa lipenga uja ankaimba mluzu m'dzenje.

A Pumani anamugwira mkono akutsika.

"Usayankhule ndi munthu aliyense. Vula jeketelo, upite kunyumba. Mawa m'mawa ndikupeza."

Koma m'khonde munadzaza anthu. Aliyense ankafuna kumugwira dzanja. Anthu a mumsewu mwawo anamunyamula m'mwamba. Timba anathokoza uyu, anaseka ndi uyo, anafotokozera mtolankhani mmene anayambira kuimba. Mawu akamakana, ankatsokomola n'kupitiriza.

7. Zithunzi za Kuchipatala

M'mawa amayi ake anagogoda atanyamula tiyi.

"Wadzuka bwanji, Kazembe wanga? Anthu ayamba kale kubwera kudzakuona."

Timba anadzuka nayankha moni. Milomo inayenda, koma m'chipindamo simunamveke kanthu. Anayesanso, akukankha. Panatuluka kaphokoso ngati ka chitseko chadzimbiri. 

A Pumani anafika posakhalitsa, monga analonjezera. Sanafunse mafunso. Anauza amayiwo kuti avale, ndipo atatuwo anakwera basi kupita ku chipatala chachikulu, kwa dokotala wa makutu ndi khosi.

Dokotalayo anali mayi wofatsa. Analowetsa kachingwe ka kamera kudzera m'mphuno mwa Timba, natembenuza kanema kuti onse aone.

"Onani apa. Kamnofu aka n'koyera, ndi mmene kayenera kukhalira. Tsopano onani kanzake."

Kamnofu kachiwiri kanali kofiira ngati phwetekere wakupsa, kotupa, kosagwedezeka.

"Mtsempha waphulika, magazi alowa mkati. Mverani bwino, achimwene, chifukwa sindibwereza. Kuyambira pano simuyankhula. Simunong'ona, chifukwa kunong'ona kumapweteka kuposa kuyankhula. Simutsokomola dala, simuseka, simuyankha foni. Mukafuna kanthu muziloza. Mukatero kwa masabata angapo, magaziwa akhoza kuuma okha, mawu n'kubwerera. Kuti adzabwerera onse, ndi kufewa kwawo kuja, sindingalonjeze. Koma ichi chokha ndikulonjeza: mukaimba chili chonchi, padzakhala chipsera. Chipsera sichinjenjemera. Mudzayankhula, mudzagula ndi kugulitsa, mudzaitana ana anu. Koma kuimba kudzakhala kutatha."

Amayi ake anatembenukira kwa a Pumani.

"Aphunzitsi, inu simunadziwe kuti zingathere apa?"

"Ndinadziwa, mayi. Ndinamuuza kuti akane."

Amayiwo anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. 

Pobwerera anakweranso basi. Mnyamata wina amene anakhala kutsogolo anali ndi nyuzipepala ya tsikulo. Pa tsamba lakumbuyo panali chithunzi cha Timba atatambasula manja, pakamwa pali yasa.

8. Galimoto Pakhomo

Atakhota kulowa mumsewu wawo, anaona galimoto yakuda itaima pakhomo, ana ataizungulira. Bwana wa holo anali atatsamira chitseko chake. Atawaona anawathamangira.

"Mnyamata wanga, ndakusaka m'mawa wonse! Mvera. M'holo dzulo munali munthu amene anaimbira foni mkulu wa nyumba yaikulu ya masewero kunja. Mkuluyo ali mumzinda muno, ndege yake ndi ya mawa. Akufuna tenala wachinyamata woti apite naye. Wati abwera masana ano kudzakumva yekha."

"Mwanayu sakuimba," anatero amayi ake. "Tikuchokera kuchipatala. Sakuyankhula n'komwe."

"Ndamva, mayi, ndipo ndikumva chisoni. Koma dzulonso sankatha, ndipo munaona nokha zimene zinachitika. Dokotala wathu ali ku holo, akudikira. Lero lokha basi. Mawa apumule mwezi wathunthu, ine ndilipira zonse. Anthu otere sabwera kawiri, mayi. Ena amakalamba akuwadikira."

Anatembenukira kwa a Pumani. "Akuluakulu, inu mukudziwa. Munthu wotere anabwerapo kudzakumvani inu?"

"Sanabwerepo," anayankha a Pumani.  

Bwanayo anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto. Jekete lofiira linali pampando, litasitidwa bwino. Injini inali ikulira.

"Sindikufuna uyankhule, mnyamata wanga. Sunga mawuwo. Ungogwedeza mutu, kapena upukuse."

Amayi ake anamugwira mkono mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa. Ana aja anasiya kusewera. Anthu anayamba kutuluka m'nyumba zawo, ena akuloza, ena akuwomba m'manja poona Kazembe wa dzulo.

Timba anachotsa dzanja la amayi ake pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, maso ake ali pa jekete lofiira lija.